Maphunziro Ovuta a ku Sekondale ndi Mwayi Wolowa M'mayunivesite Apamwamba a ku America: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa makolo okhala ku America omwe ana awo ali ku high school, komanso kwa ophunzira a ku Malawi ofuna kukachita digiri yoyamba kumeneko. Mayunivesite omwe tikunena ndi aja olandira anthu ochepa mwa ofunsira malo, monga Harvard, Stanford, MIT, Yale ndi Princeton. Ena mwa iwo amatenga anthu osakwana 5 pa 100 alionse.

Kodi "maphunziro ovuta" amenewa ndi ati?

Sekondale ya ku America ndi ya zaka zinayi, kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12, ndipo phunziro limodzi limatha kuphunzitsidwa pa milingo ingapo m'sukulu imodzimodziyo. Pali kalasi wamba. Pamwamba pake pali honors, yomwe imathamanga komanso kuzama, koma mayeso ake amakonzedwa ndi sukulu yomweyo. Pamwambanso pali maphunziro omwe amatengedwa ngati a chaka choyamba cha ku koleji.

Odziwika kwambiri ndi AP (Advanced Placement), oyendetsedwa ndi bungwe la College Board. Alipo pafupifupi 40, monga AP Calculus, AP Chemistry ndi AP United States History. Mayeso ake amalembedwa mu May, zotsatira zimatuluka mu July, ndipo malikisi ake ndi 1 mpaka 5. Palinso dipuloma ya IB (International Baccalaureate), ya zaka ziwiri, yomwe bungwe lake lidayambira ku Geneva mu 1968. Sukulu zina zimaphunzitsa A Level ya Cambridge. Njira yomaliza ndi dual enrollment, pomwe mwana wa ku sekondale amakaphunzira kalasi yeniyeni ku koleji yapafupi.

Kodi mayunivesite amayang'anadi zimenezi, kapena chachikulu ndi SAT?

Amayang'anadi, ndipo kwa ambiri chimenechi chimaposa SAT, mayeso omwe ofunsira malo m'mayunivesite a ku America amalemba. Kafukufuku wa bungwe la alangizi a za kalowedwe ka m'makoleji la NACAC wakhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti zinthu zotsogola ndi magiredi a maphunziro okonzekeretsa mwana ku koleji komanso kulimba kwa maphunziro omwe mwanayo adasankha.

Mutha kudzionera nokha. Mayunivesite ambiri amasindikiza chaka chilichonse chikalata chotchedwa Common Data Set. Lembani dzina la yunivesite pamodzi ndi mawu amenewa pa intaneti, mutsegule gawo C7. Pali mndandanda wa zinthu zomwe amaziganizira, ndipo mzere woyamba ndi wa kulimba kwa maphunziro a ku sekondale. Mayunivesite ambiri osankha kwambiri amachonga kuti ndi "chofunika kwambiri". Gawo C5 likuuzani zaka zomwe amafuna pa phunziro lililonse.

SAT siyinathe ntchito. Mayunivesite ambiri adasiya kuyikakamiza, koma MIT idayibwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Brown ndi Harvard adatsatira mu 2024. Koma SAT ndi mayeso a tsiku limodzi, pomwe transcript, lipoti la magiredi onse a ku sekondale, ndi mbiri ya zaka zinayi.

Amadziwa bwanji kuti mwana wanga adasankha zovuta kapena zophweka?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Woona mafomu sayerekeza mwana wanu ndi ana a dziko lonse, amayamba kumuyerekeza ndi zomwe sukulu yake idali nazo. Zida zake ndi zitatu.

Choyamba ndi transcript, yosonyeza kalasi iliyonse ndi giredi yake kuyambira giredi 9. Chachiwiri ndi school profile, pepala la tsamba limodzi kapena awiri lomwe sukulu imatumiza, lofotokoza kuti ili ndi ma AP angati, imapereka bwanji magiredi, imalola ma AP angati pa chaka, ndiponso ophunzira ake amapita kuti akamaliza. Chachitatu ndi fomu ya counselor, mlangizi wa pasukulu. Pa fomu ya Common App, yofunsira malo m'mayunivesite ambiri nthawi imodzi, pali funso lomuuza kuti ayerekeze maphunziro a mwanayo ndi a anzake a pasukulupo, achonge chimodzi mwa zisanu, kuyambira "most demanding" (ovuta koposa) mpaka "below average" (ophweka kuposa a ambiri).

Kabokosi kameneka n'kakang'ono koma kamalemera. Makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti kaliko. Pitani kwa counselor mwana akadali mu giredi 9 kapena 10, mukafunse mosapita m'mbali kuti pasukulupo mwana ayenera kutenga chiyani kuti achongeredwe "most demanding". Sukulu zina zili ndi muyeso wolembedwa, zina zimasiyira counselor kuti aone yekha. Mukafunsa mu giredi 12 ndiye kuti madzi afika kale m'khosi.

Ndiye atenge ma AP angati?

Palibe nambala yomwe imagwira paliponse. Mwana wa pasukulu yokhala ndi ma AP 4 amene watenga onse anayi wachita zonse zomwe akadatha. Mwana wa pasukulu yokhala ndi 25 amene watenganso anayi adzafunsidwa chifukwa chake.

Komabe kuunjika kuli ndi malire. Akuluakulu oona za kalowedwe ku University of North Carolina ku Chapel Hill adafalitsa mu 2013 zomwe adapeza atafufuza ophunzira awo: magiredi a chaka choyamba cha ku yunivesite ankakwera molingana ndi kuchuluka kwa maphunziro ovuta omwe munthu adatenga ku sekondale, koma kufika pa asanu basi. Kupitirira apo panalibe phindu looneka. Izi sizikutanthauza kuti Stanford imasiya kuwerenga ikafika pa asanu. Zikungosonyeza kuti AP ya khumi ndi chiwiri sikonzekeretsa mwana kuposa ya chisanu ndi chimodzi, pomwe imamudyera tulo ndi nthawi ya zinthu zina zomwe mayunivesite omwewo amafunanso kuona.

Kakwereredwe kabwino kamakhala ka pang'onopang'ono: honors mu giredi 9, AP imodzi kapena ziwiri mu giredi 10 ngati sukulu imalola, kenaka katundu weniweni mu giredi 11 ndi 12.

Chabwino n'chiti, B mu AP kapena A m'kalasi wamba?

Oona mafomu akafunsidwa funso limeneli amakonda kuyankha mwanthabwala kuti chabwino ndi A mu AP. Ku mayunivesite otenga anthu ochepetsetsa nthabwalayo ili ndi choonadi, chifukwa ofunsira malo ambiri amakhala ndi zonse ziwiri.

Kwa mwana weniweni, uphungu wathu ndi uwu. B mu AP ya phunziro lalikulu amaposa A m'kalasi wamba. C sachita zimenezo, ndipo ma C awiri kapena atatu amasonyeza kuti mwana wasenza katundu woposa msinkhu wake. Ngati mphunzitsi wa chaka chino akuona kuti mwanayo angapeze C mu AP Chemistry, ndi bwino atenge honors n'kuyika mphamvu zake pa AP ya phunziro lomwe ali nalo luso.

Mwana wanga ali ndi GPA ya 4.4. Si ndiye kuti wadutsa malire?

Ayi, ndi kawerengedwe chabe. GPA ndi avereji ya magiredi a mwana, ndipo yosawonjezera kanthu imathera pa 4.0, pomwe A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2. Sukulu zambiri zimawonjezera poyinti imodzi pa AP ndi IB, ndipo zina theka la poyinti pa honors. Choncho A mu AP amakhala 5. Popeza sukulu iliyonse ili ndi kawerengedwe kakekake, 4.4 wa sukulu ina sangafanane ndi 4.4 wa sukulu inzake, ndipo mayunivesite ambiri amawerenganso okha kapena kungoyang'ana magirediwo limodzi ndi limodzi.

University of California ndi chitsanzo chomwe malamulo ake ali poyera. Imawerenga magiredi a giredi 10 ndi 11 okha, m'maphunziro omwe idawavomereza. Pa GPA yomwe imaonera ngati munthu akuyenera kufunsira malo, imawonjezera mapointi pa masemesita osapitirira 8. Kwa ochokera kunja kwa California, honors ya pasukulu siwonjezeredwa kanthu, koma AP, IB ndi makalasi a ku koleji. Wa ku California amafunika GPA yosachepera 3.0, wakunja 3.4, ngakhale kuti ku nthambi zake za Berkeley ndi UCLA olandiridwa amakhala pamwamba kwambiri pa manambala amenewa.

Komwe GPA yowonjezerayo imagwira ntchito mwachindunji ndi pa nambala ya m'kalasi. Ku Texas, lamulo la mu 1997 limapatsa malo m'mayunivesite a boma ana omwe ali m'gulu la 10 pa 100 apamwamba pasukulu yawo, ndipo University of Texas ku Austin imachepetsanso gululo. Kumeneko mwana wa ma A okhaokha m'makalasi wamba atha kupitiriridwa ndi anzake a AP.

N'chifukwa chiyani aliyense amakamba za masamu a giredi 8?

Chifukwa masamu ndi makwerero, sungalumphe sitepe. Ndondomeko yofala ndi Algebra I, Geometry, Algebra II, Precalculus, kenaka Calculus, chaka chimodzi chilichonse. Zaka ndi zisanu, koma high school ndi ya zaka zinayi. Mwana amene wayamba Algebra I mu giredi 8 amafika pa Calculus mu giredi 12. Amene wayamba mu giredi 9 amathera pa Precalculus.

Chigamulo chimenechi chimapangidwa ku middle school, mwana asanafike ku high school, nthawi zambiri mu giredi 6 kapena 7, potengera mayeso ndi maganizo a mphunzitsi. Makolo omwe adakulira m'dongosolo lomwe kalasi yonse ya Fomu 2 imaphunzira masamu amodzimodzi saganiza n'komwe kuti mwana wawo wayikidwa kale m'njira. Funsani kuti ali m'njira iti, ndipo ngati mukuona kuti angathe zoposa apo, pemphani kuti amuyesenso.

Amene watsalira ali ndi njira ziwiri zobwezera chaka: kutenga Geometry ndi Algebra II chaka chimodzi, kapena kuchita Geometry pa tchuthi chachitali cha chilimwe. Geometry ndiyo imakwanitsika kutero chifukwa siyitsamira kwambiri pa inzake. Kuthamangitsa Algebra II m'masabata asanu ndi limodzi kumabweretsa mavuto mu Calculus.

Kwa wofuna uinjiniya kapena sayansi, Calculus ndi yofunika kwenikweni. Caltech, yunivesite ya sayansi ya ku California, imafuna chaka cha calculus, cha physics ndi cha chemistry. Kwa wofuna mbiri yakale kapena zolembalemba, kuthera pa Precalculus kapena AP Statistics sikutseka khomo, ngakhale kuti Calculus imaonekabe bwino.

Kodi ma AP onse amalemera mofanana?

Pa pepala inde, m'maso mwa woona mafomu ayi. Amayang'ana kaye mizati isanu: Chingerezi, masamu, sayansi ya mu labu, mbiri ndi za chikhalidwe cha anthu, ndi chilankhulo chachilendo. Amafuna kuona zonse zisanu zikupitirira zaka zitatu kapena zinayi, chilichonse chikukwera. Pa sayansi amayembekezera biology, chemistry ndi physics.

AP Calculus BC, AP Chemistry ndi AP Physics C zimadziwika kuti ndi zolimba. AP Psychology, AP Human Geography ndi AP Environmental Science ndi maphunziro abwino, koma sangalowe m'malo mwa mzati. Cholakwika chofala ndi kusiya Chifalansa kapena Chisipanishi patatha zaka ziwiri kuti papezeke malo a AP ina yophweka. Nambala ya ma AP imakwera, koma transcript imafooka.

Za Chichewa chomwe mwana amalankhula kunyumba: achilembe pa fomu, pali malo a zilankhulo, ndipo ndi chinthu chonyaditsa. Koma sichichotsa kufunika kwa zaka za chilankhulo chachilendo pa transcript.

AP, IB ndi dual enrollment, chabwino n'chiti?

Mayunivesite apamwamba sakondera pakati pa AP ndi IB. Kusiyana kwake kuli pa kapangidwe. AP mumasankha imodziimodzi. Dipuloma ya IB ndi mtolo wathunthu: maphunziro asanu ndi limodzi, atatu kapena anayi pa Higher Level, otsalawo pa Standard Level, lililonse malikisi 1 mpaka 7. Pamwamba pake pali chimangirizo cha mawu 4,000, phunziro la Theory of Knowledge, ndi ntchito za luso, masewera ndi kuthandiza anthu. Mapointi onse ndi 45, ndipo dipuloma imafuna osachepera 24. Pasukulu ya IB, wotenga dipuloma yonse ndiye kawirikawiri amaonedwa kuti wasankha njira yolimba kwambiri. Chenjezo lili pa masamu: wofuna uinjiniya atenge Analysis and Approaches pa Higher Level.

Dual enrollment imavuta kuyesa, chifukwa makoleji amasiyana ndipo palibe mayeso amodzi a dziko lonse. Imawala pamene mwana wamaliza zonse za pasukulu pake, mwachitsanzo wamaliza AP Calculus BC mu giredi 11 n'kukatenga Linear Algebra ku koleji. Imakayikitsa pamene ikuoneka ngati yothawira AP yolimba ya pasukulu. Dziwaninso kuti giredi ya kalasi ya ku koleji imakhala pa mbiri ya munthu mpaka kalekale. Wodzafunsira sukulu ya udokotala adzayenera kuyionetsa, ngakhale adayipeza ali ndi zaka 16.

Kodi malikisi a mayeso a AP amawerengedwa? Nanga akapeza 2 kapena 3?

Giredi ya m'kalasi imalemera kuposa malikisi a mayeso a mu May. Pa Common App mwana amalemba yekha malikisi omwe akufuna kuonetsa. 4 ndi 5 alembe. 3 aganizire kaye malinga ndi yunivesiteyo. 1 ndi 2 angathe kuwasiya, pokhapokha yunivesiteyo itanena kuti ikufuna onse, choncho werengani malamulo a iliyonse. Mu 2024 Yale idalengeza kuti malikisi a AP kapena IB angalowe m'malo mwa SAT, koma wosankha njirayo apereke onse.

A m'kalasi ndi 2 pa mayeso zikaonekera pamodzi zimadzutsa funso lakuti kalasiyo idali yolimba motani. Mayeso a AP a giredi 12 alibe gawo pa kulandiridwa, chifukwa mayankho a mayunivesite amatuluka pofika kumapeto kwa March kapena kuyamba kwa April, mayesowo asanalembedwe.

Mayeso alionse amalipiridwa pafupifupi madola 100 ku America, ndipo kulembetsa kumachitika chaka cha sukulu chikangoyamba, pofika November. Mabanja opeza zochepa amachotseredwa mtengo akafunsa kusukulu.

Sukulu ya mwana wanga ilibe AP. Watayika?

Sanatayike. Monga tafotokozera pa funso la school profile, sangamuimbe mlandu wosatenga zomwe kulibe. Ngakhale sukulu zina zolemera zidasiya AP mwadala. Mu 2018 sukulu zisanu ndi zitatu zomwe si za boma za m'dera la Washington, D.C., kuphatikizapo Sidwell Friends, zidalengeza limodzi kuti zisiya AP n'kupanga maphunziro awoawo.

Mwanayo atenge zolimba zonse zomwe zilipo, ndipo counselor alembe momveka kuti kulibe zina. Akafuna kuwonjezera, njira ndi dual enrollment, makalasi a pa intaneti ovomerezeka, kapena kudziphunzitsa AP imodzi n'kukalembera kusukulu ina yomwe ingamulole. Caltech idatsegula njira yotere mu 2023: yemwe sukulu yake ilibe calculus, chemistry kapena physics atha kusonyeza luso lake kudzera m'malikisi a 5 pa AP, 6 kapena 7 pa IB, kapena pomaliza maphunziro a Khan Academy n'kuyesedwa.

Akafika giredi 12 angapumuleko?

Ayi. Pofunsira malo, kaya mu November kapena mu January, amalemba makalasi onse a giredi 12. Sukulu imatumiza magiredi a pakati pa chaka, kenaka lipoti lomaliza mu June kapena July. Kalata yolandira munthu imakhala ndi mawu akuti malowo akudalira kuti amalize monga adayambira, ndipo mayunivesite amalandadi malo magiredi akagwa kwambiri.

Wofuna kusiya AP Physics mu January atalemba kale pa fomu ayenera kulembera yunivesite iliyonse asanasiye, kufotokoza chifukwa. Kusintha mwakachetechete ndiko kumabweretsa mavuto.

Ine ndili ndi MSCE yokha. Ndingapikisane ndi ana a ma AP khumi?

Mfundo ndi yomweyija: mudzayesedwa ndi zomwe zinalipo. Zaka 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale zimakwana 12, mofanana ndi ku America, ndipo mayunivesite ambiri a kumeneko amalandira MSCE ngati umboni womaliza sekondale. Ku Britain n'kosiyana, chifukwa mayunivesite ambiri amafuna A Level, IB kapena chaka cha foundation.

Pali zinthu zitatu zoti muchite. Tengani maphunziro olimba: Mathematics, Physics, Chemistry, Biology, ndi Additional Mathematics ngati sukulu yanu imaphunzitsa. Chachiwiri, a hedi kapena mphunzitsi wolemba kalata afotokoze kawerengedwe ka MANEB, kuti 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, ndiponso kuti mapointi ochepa ndiwo abwino, 6 kukhala opambana onse. Woona mafomu wosazolowera angaone 1 n'kuganiza kuti ndi kulephera. Afotokozenso kukula kwa kalasi, nambala yanu, ndi momwe labu ndi mabuku zilili. Chachitatu, sonkhanitsani malipoti a matemu onse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, okhala ndi chidindo cha sukulu, chifukwa satifiketi yokha siyikwanira.

Kunena mosabisa, ku mayunivesite otenga anthu ochepetsetsa mudzapikisana ndi ophunzira a mu Africa omwe ali ndi A Level ndi IB, choncho SAT yabwino imakuthandizani kwambiri kutsimikizira luso lanu. Alangizi a EducationUSA, omwe amagwira ntchito pansi pa ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, amapereka uphungu wotere kwaulere.

Ndiye ndichite kaye A Level kapena IB?

Ngati mwayi ndi ndalama zilipo, zimalimbitsa fomu, makamaka pa sayansi. Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi Saint Andrew's ku Blantyre amaphunzitsa A Level, Bishop Mackenzie ku Lilongwe ali ndi IB. Kunja kuli African Leadership Academy ku Johannesburg, ya A Level, ndi sukulu za UWC (United World Colleges) monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, za IB, ndipo izi zimakhala ndi thandizo la fizi kwa osankhidwa.

Ma A Level atatu olimba ndi okwanira, anayi sakakamiza. Popeza mumafunsira malo mayeso omaliza asanalembedwe, sukulu imatumiza zotsatira za IGCSE kapena MSCE, za AS ngati zilipo, ndi magiredi omwe aphunzitsi akuyembekezera kuti mudzapeza. Zotsatira zenizeni zikadzatsika kwambiri poyerekeza ndi zoyembekezerazo, zomwe tanena pa funso la giredi 12 zimakukhudzaninso.

Kodi maphunzirowa amachepetsa zaka kapena fizi ya ku yunivesite?

Kulandiridwa ndi nkhani ina, kuchotseredwa makalasi ndi nkhani inanso. Mayunivesite a boma ndiwo owolowa manja. M'zigawo monga Illinois ndi Texas muli malamulo owauza kuti apereke credit, kutanthauza kumuchotsera kalasi ya ku yunivesite, kwa wopeza 3 kapena kuposa pa AP, ndipo mwana wa ma AP ambiri atha kudula semesita kapena chaka chathunthu. Mayunivesite apamwamba omwe si a boma amaumira. Ambiri amafuna 5, kapena 6 ndi 7 pa Higher Level ya IB. Dartmouth idalengeza mu 2013 kuti isiya kuwerengera AP pa makalasi ofunika kuti munthu amalize digiri. M'malo otere malikisiwo amangothandiza kuti muyambire kalasi yapamwamba.

Mwana wangobwera kumene kuchokera ku Malawi ali pakati pa sekondale. Tiyambire pati?

Bwerani ndi malipoti onse a sukulu, zotsatira za JCE kapena IGCSE ngati zilipo, komanso silabasi kapena mndandanda wa mitu ya masamu ndi sayansi yomwe adaphunzira. Popanda zimenezi sukulu imangoganizira, ndipo kawirikawiri imamuyika pansi. Masamu a kwathu amasakaniza algebra ndi geometry chaka chilichonse, choncho pa lipoti pamangolembedwa "Mathematics", zomwe counselor sangadziwe kuti zikugwera pa sitepe iti. Pemphani mayeso omuyika pa mlingo woyenera asanamupatse ndandanda ya makalasi.

Mukalemba pa fomu yolembetsera kuti kunyumba mumalankhula Chichewa, sukulu idzamuyesa Chingerezi kuti ione ngati akufunika makalasi a ophunzira chilankhulocho. Ngati adaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, nenani zimenezo ndipo muonetse umboni. Ngakhale atayikidwa m'makalasi amenewo, zisamulepheretse kulowa honors kapena AP ya masamu ndi sayansi. Podzafunsira malo ku yunivesite adzafunika kutumiza transcript ya sukulu zonse ziwiri, ndipo pa Common App pali gawo lofotokozera kusintha sukulu, pomwe angalembe mwachidule chaka chomwe adasamuka ndi makalasi omwe sadathe kuwapeza chifukwa cha kusamukako.